Bangkok kwa mlendo woyamba: zoyenera kuchita, motsatana kwake

Mwezi sutha wina asanandifunse kuti, "Achimwene, ndagula tikiti ya ku Bangkok, ndikaone chiyani?" Ena amafunsa kutatsala masiku awiri kuti anyamuke, ena ali kale pabwalo la ndege. Ndayankha mpaka zala kuwawa, ndiye ndati ndingolemba kamodzi, wofunsa aliyense ndizimulozera pano.

Funsolo lokha limandisonyeza pamene vuto lidzayambire. Malo okaona sasowa, aliyense angakutchulireni. Zimene zimafooketsa alendo mumzinda umenewu, likulu la dziko la Thailand, n'zinthu ziwiri zosaoneka pa zithunzi: chifundizi ndi kuthithikana kwa magalimoto. Munthu amalemba malo asanu ndi atatu oti aone tsiku limodzi, n'kuona awiri okha, maola enawo n'kuthera m'takisi yosayenda, malaya atanyowa ngati wagwera mumtsinje. Ngati mulibe nthawi yowerenga zonse, werengani nambala 6 yokha. Koma ndikanakonda mutayambira pamwamba.

1. Sankhani mwezi musanasankhe hotelo

Mzindawu uli ndi nyengo zitatu, ndipo zonse n'zotentha. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale eni ake amati kwazizira, koma masana kumafikabe madigiri 30 kapena kuposerapo. Ubwino wake ndi wakuti mvula imakhala yochepa, ndipo m'mawa ndi madzulo thupi limapumako. Mlendo woyamba apite nthawi imeneyi. Dziwani kuti mahotelo amakwera mtengo, komanso masiku ena a m'Januwale ndi Febuluwale mpweya umadzaza utsi ndi kafumbi kotchedwa PM2.5. Wa mphumu asasiye mankhwala ake.

Malichi mpaka Meyi ndi ng'anjo. Epulo ndiye mwezi wotenthetsetsa, madigiri 35 n'kupitirira. Pa 13 mpaka 15 Epulo pamakhala Songkran, chikondwerero cha chaka chatsopano cha anthu a ku Thailand, pamene anthu amathirana madzi m'misewu. Sasankha kuti uyu ndi mlendo kapena wavala bwino. Mukapita masiku amenewo, foni ndi pasipoti zikhale m'pulasitiki, ndipo musakwiye akakuthirani.

Mvula imayamba chakumapeto kwa Meyi n'kufika mu Okutobala, ndipo imachuluka kwambiri mu Sepitembala. Kawirikawiri siigwa tsiku lonse. Imabwera yamkuntho kwa ola limodzi kapena awiri, makamaka chakumadzulo, n'kukata. Choopsa ndi zotsatira zake: misewu ina imasefukira, magalimoto onse n'kuima.

2. Mapepala

Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa isanathe ntchito. Nkhani ya viza imatengera pasipoti imene muli nayo, ndipo malamulo ake amasinthasintha, choncho musadalire mawu a mnzanu amene anapitako zaka zitatu zapitazo. Onani pa tsamba la ofesi ya kazembe wa Thailand mwezi wathunthu ulendo usanafike.

Kuyambira pa 1 Meyi 2025, mlendo aliyense amayenera kulemba fomu ya pa intaneti yotchedwa TDAC m'masiku atatu omaliza asanafike. Fomuyi ndi yaulere. Tsamba lililonse limene likukuuzani kuti mulipire si la boma, litsekeni. Ngati mukuchokera kapena kudutsira m'dziko limene lili ndi matenda a yellow fever, nyamulani khadi lachikasu la katemera, chifukwa amalifunsa musanafike kwa odinda mapasipoti. Khalaninso ndi tikiti yobwerera komanso dzina ndi adiresi ya hotelo zitalembedwa papepala, osati pa foni pokha.

Akakudindirani, imani pambali muwerenge deti limene alembapo. Kupitirira tsiku limenelo ndi chindapusa cha 500 baht, ndalama ya kumeneko, tsiku lililonse. Ndipo musadabwe kuona chaka cha 2568 kapena 2569 pa malisiti ndi pa mabotolo: kalendala ya ku Thailand imawonjezera zaka 543 pa chaka chimene mukudziwa.

Inshuwalansi ya paulendo musaione ngati kutaya ndalama. Zipatala zoti si zaboma kumeneko n'zabwino kwambiri, koma bilu yake imatha kuposa ndalama za ulendo wonse.

3. Gonani pafupi ndi sitima

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa asanakwere n'komwe ndege. Amaona hotelo yokongola, yotchipa, ya dziwe losambira, pa mapu ikuoneka kuti ili kilomita imodzi kuchokera pa siteshoni, n'kumati kilomita n'chiyani. Kilomita ya mumzinda umenewu si kilomita wamba. Njira za oyenda pansi n'zopapatiza, zadzaza mavenda, njinga zamoto zimakwera momwemo, ndipo dzuwa lili pamutu. Mukayenda kamtunda kameneko kanayi pa tsiku, pofika tsiku lachitatu mudzayamba kuitanitsa takisi, ndipo ndalama imene munapulumutsa pa chipinda idzathera pamsewu.

Lamulo langa ndi ili: hotelo ikhale mphindi zosapitirira 7 kuyenda pansi kuchokera pa siteshoni ya BTS kapena MRT. BTS ndi sitima yoyenda pamwamba pa misewu, inatsegulidwa mu 1999. MRT inayamba mu 2004, ndipo mbali yaikulu ya njanji yake ya buluu imadutsa pansi panthaka. Madera a Asok, Siam, Silom ndi pafupi ndi siteshoni ya Saphan Taksin m'mphepete mwa mtsinje onse ndi abwino. Dera la Khao San Road ndi lotchipa ndipo lili pafupi ndi makachisi akale, koma BTS siifikako ndipo phokoso la usiku ndi lalikulu. Ngati mwasankha kumeneko, mayendedwe anu adzakhala a boti.

Chipindacho chikhale ndi makina oziziritsa. Fani yokha siikwanira.

4. Ola loyamba pabwalo la ndege

Mabwalo a ndege ndi awiri. Suvarnabhumi, limene pa tikiti amalemba BKK, linatsegulidwa mu 2006 ndipo ndege zambiri zochokera kutali zimatera kumeneko. Eni ake amalitchula kuti "Suwannaphum", ndiye mukatchula monga mmene lalembedwera, dalaivala akhoza kungokuyang'anani. Lina ndi Don Mueang, DMK, la ndege zotchipa.

Ndalama ya dzikolo ndi baht. Musasinthe zambiri pa makauntala oyamba amene mwaona mutangotenga katundu. Ku Suvarnabhumi tsikirani pansi penipeni, pafupi ndi polowera sitima, pamene pali osintha ndalama opereka mtengo wabwinopo. Amafuna pasipoti, ndipo ndalama zapepala zong'ambika kapena zolembedwalembedwa amatha kukana. Makina a ATM amadula ndalama zoposa 200 baht nthawi iliyonse mukatapa ndi khadi lakunja, choncho tapani zambiri kamodzi m'malo motapa pang'onopang'ono. Makinawo akakufunsani ngati mukufuna kuti akusinthireni okha ku ndalama ya kwanu, kanani, mulipire mu baht. Gulaninso simu khadi pompo. Amailembetsa ndi pasipoti, ndipo popanda intaneti mapu ndi ma app a takisi sagwira.

Polowa mumzinda, ngati katundu ndi wochepa kwerani Airport Rail Link. Imatenga pafupifupi theka la ola kukafika pa Phaya Thai, pamene mumasinthira ku BTS, kapena mungatsikire pa Makkasan n'kulowa MRT. Ngati katundu ndi wambiri kapena mwafika pakati pausiku, pitani pansanjika yoyamba pamene pali mzere wa takisi zovomerezeka. Mumatenga kapepala pa makina, kapepalako n'kukuuzani pamene galimoto yanu yaima. Mita imayambira pa 35 baht, mumawonjezera 50 baht ya pabwalo la ndege, ndipo ndalama za pa mageti a msewu wothamanga mumalipira ndinu. Munthu wokulonjerani m'kati mwa holo kuti ali ndi takisi, mudutseni.

5. Mawu anayi a pa mapu, ndi zokwera

Mukadziwa mawu anayi awa, mapu a mzindawu amayamba kumveka. Wat ndi kachisi. Tha ndi doko, pokwerera boti. Khlong ndi ngalande ya madzi yoyendamo maboti. Soi ndi kamsewu kopatuka mumsewu waukulu, ndipo timisewu timeneti tili ndi manambala. Pa msewu wa Sukhumvit, manambala monga 3, 5, 11 ali mbali imodzi, ndipo 2, 4, 12 ali tsidya linalo. Musaganize kuti Soi 23 yayang'anizana ndi Soi 24. Mbali ziwirizi siziyendera limodzi, ndipo mukhoza kuyenda mtunda ndithu mukufunafuna nambala yomwe mumayesa kuti ili pafupi. Soi ina ndi yaifupi, ina imapitirira kilomita. N'chifukwa chake pokamwa pa soi pamakhala akabaza a njinga zamoto ovala mavesiti a olenji. Ndi achangu, koma pemphani chipewa, ndipo mawondo muwapanikize.

BTS ndi MRT ndi makampani osiyana, tikiti ya uku siigwira uko. Mukasintha pa Asok kupita ku siteshoni ya Sukhumvit, kapena pa Sala Daeng kupita ku Si Lom, mumatuluka n'kulipiranso. Ngati mukhala masiku angapo, khadi lolipiriratu lotchedwa Rabbit limakupulumutsani ku mizere ya pa BTS.

Msewu wachitatu ndi mtsinje wa Chao Phraya. Mukatsika pa Saphan Taksin, doko la Sathorn lili pansi pomwepo. Fufuzani boti la mbendera ya olenji, limene anthu wamba amakwera popita kuntchito, mtengo wake sufika 30 baht. Padokopo mudzapeza anthu okukokerani ku boti lobwereka la ola limodzi lodula kambirimbiri. Nenani kuti mukufuna la olenji, n'kuima pamzere. Maboti amenewa amasiya kuyenda dzuwa likangolowa, ndiye musawadalire pobwerera usiku.

Magalimoto amayenda kumanzere. Mizere yowolokera oyenda pansi musaikhulupirire kwambiri, wolokani limodzi ndi eni dera.

6. Kugawa tsiku, ntchito imene ambiri amaidumpha

Tsopano tafika pa nkhani yeniyeni. Tiyambe ndi chifukwa chake kutentha kwa kumeneko kumapweteka kusiyana ndi kwa malo ouma. Thupi limadziziziritsa thukuta likamauma pakhungu. Mpweya ukakhala kuti wadzaza kale chinyontho, thukuta siliuma, limangoyenderera. Mumataya madzi ndi mchere, koma thupi osazizira. Ndiye munthu amene amati "ine dzuwa ndinalizolowera" ndi amene amayamba kugwa, chifukwa amayenda ngati ali kouma.

Chachiwiri, mzindawu suli kutali ndi ikweta, mzere wodula dziko lapansi pakati, choncho dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko m'mawa n'kulowa cha m'ma 6 koloko madzulo kapena kupitirira pang'ono, chaka chonse. Maola abwino oyenda panja ndi ochepa: kuyambira kukacha mpaka cha m'ma 11, kenako kuyambira 4:30 madzulo. Chachitatu, magalimoto amathithikana kwambiri m'mawa anthu akamapita kuntchito, komanso kuyambira cha m'ma 4 mpaka 8 koloko madzulo, makamaka Lachisanu ndi mvula ikagwa. Taonani tsono: nthawi imene kwayamba kuzizirirako ndi yomweyonso imene misewu yatsekeka. Wosadziwa amadikira dzuwa lipendeke, n'kukwera takisi 5 koloko, n'kukafika mdima utagwa.

Tsiku ligaweni patatu. M'mawa ndi wa zapanja. Masana ndi a m'nyumba. Madzulo ndi a panjanso, koma pokhapokha kumene kumafika sitima kapena boti. Ndipo tsiku limodzi likhale la dera limodzi.

Nachi chitsanzo cha tsiku la mzinda wakale, kumene Mfumu Rama I inakhazikitsa likulu mu 1782. Dzukani 6 koloko, idyani, pofika 7:15 mukhale muli m'sitima yopita ku Saphan Taksin. Kwerani boti la olenji, mutsike pa Tha Chang. Grand Palace, nyumba yachifumu yakale, imatsegulidwa 8:30, ndipo alendo akunja amalipira 500 baht. Khalani pageti isanatsegulidwe. Pofika 10 koloko mabasi a magulu amakhala atakhuthula anthu, bwalo lake ndi la miyala, mthunzi ndi wochepa. M'kati momwemo muli Wat Phra Kaew, mosungira chifaniziro chobiriwira cha Buddha chimene dziko lonse la Thailand limachilemekeza. Ambiri amadabwa kuchepa kwake, sichifika n'komwe mita imodzi, ndipo kujambula m'nyumbamo n'koletsedwa.

Zovala amaziyang'ana pageti: mapewa ndi miyendo zibisike, kabudula ayi, malaya opanda manja ayi, buluku long'ambikang'ambika ayi. Valani buluku lopepuka la thonje kapena siketi yaitali, ndi nsapato zosavuta kuvula, chifukwa pakhomo la kachisi aliyense mumavula.

Mukatuluka cha m'ma 10:30, yendani pansi mphindi 10 kapena 15 kupita ku Wat Pho, kumene kuli chifaniziro cha Buddha chogona, chotalika mamita 46. Kumeneko kuli mthunzi wambiri, ndipo kuli sukulu yodziwika ya kasisitidwe ka thupi ka ku Thailand, komwe mungapumitse miyendo theka la ola. Mukakhala kuti mphamvu zilipo, pitani pa Tha Tien muwoloke ndi kaboti kupita ku Wat Arun tsidya lina. Mukakhala kuti zatha, musadzikakamize, Wat Arun amaoneka bwino ngakhale muli tsidya lino madzulo nyali zikayaka.

12 koloko ikakwana, lekani. Ndikunena kuti lekani ndithu. Pano ndi pamene alendo amandikanira, amati sindinalipire tikiti yodula kuti ndikagone masana. Ine ndinachitapo zimenezo ulendo wanga woyamba. Nditatuluka ku Grand Palace ndinati ndikaonenso msika wa Chatuchak tsiku lomwelo, popeza linali Loweruka. Ndinafika 1 koloko, m'tinjira ta msikamo mulibe mphepo, pofika 2 koloko mutu unali waphulika, maso akuchita chizungulire, ndipo tsiku lotsatira lonse ndinathera pabedi. Ndinaumira maola atatu n'kutaya tsiku lathunthu.

Masanawo kwerani MRT pa Sanam Chai, imene ili pafupi ndi Wat Pho, mubwerere kuhotelo, musambe, mugone ola limodzi. Ngati kugona kukukanikani, lowani m'malo ozizira: masitolo akuluakulu a ku Siam, kapena National Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale, koma dziwani kuti imatsekedwa Lolemba ndi Lachiwiri. Nyamulani kajuzi kopepuka, chifukwa m'sitima ndi m'masitolo amazizira mopitirira, makamaka mukalowamo ndi malaya onyowa.

Madzulo valani malaya ena ouma n'kutulukanso. MRT ikakutsitsani pa Wat Mangkon muli kale ku Yaowarat, dera la anthu ochokera ku China, kumene msewu wonse umasanduka khitchini usiku. Kapena pitani ku Lumphini Park cha m'ma 5 koloko. Mukaona ng'azi zazikulu zikuyenda m'mbali mwa madzi musathawe, ndi zapomwepo, koma musazipatse chakudya.

Chatuchak muupatse tsiku lakelake, Loweruka kapena Lamlungu, mufike 9 koloko m'mawa kudzera pa MRT Kamphaeng Phet, imene imakutulutsirani mumsika mwenimwenimo. Chinthu mukachikonda gulani pomwepo, chifukwa kubwerera pa benchi imodzi pakati pa mabenchi masauzande n'kosatheka. Ayutthaya, likulu lakale limene linawonongedwa ndi asilikali a ku Burma mu 1767, lili pafupifupi makilomita 80 kumpoto. Nalonso limafuna tsiku lathunthu, ndipo mabwinja ake alibe mthunzi, choncho kulawira n'kofunika kuposanso.

Tsiku lofika musaliikire chilichonse chachikulu. Thupi limakhala likulimbana ndi kusintha kwa nthawi komanso kutentha pakamodzi. Yendani mozungulira hotelo, pezani siteshoni, pezani pogula madzi, gonani.

Madzi imwani musanamve ludzu, pang'onopang'ono tsiku lonse. Chizindikiro chosanama ndi mkodzo: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, mwatsalira. M'mafamase ndi m'masitolo a 7-Eleven, amene ali pafupifupi pangodya iliyonse, mumapezeka timapaketi ta mchere ndi shuga tosungunula m'madzi. Kamodzi pa tsiku kamathandiza. Mowa wa masana usiyeni. Mnzanu akayamba kudandaula mutu, nseru ndi kukokana kwa minofu, mulowetseni pozizira, amwe, apume. Akayamba kulankhula zosamveka kapena kusokonezeka, musadikire, imbani 1669, nambala ya ambulansi, uku mukumuthira madzi ozizira.

7. Munthu wachifundo wa pafupi ndi geti

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pafupi ndi Grand Palace muyenera kusankha womufunsa. Pamene mukuyandikira, munthu wovala bwino, wolankhula Chingelezi chomveka, adzakupatsani moni. Adzafunsa kumene mwachokera, mwinanso kutchula timu ya mpira. Kenako adzakuuzani mwachisoni kuti lero nyumba yachifumu yatsekedwa mpaka masana chifukwa cha mwambo wa amonke. Koma musadandaule, iye akudziwa kachisi wina wamwayi amene amatsegulidwa tsiku limodzi pachaka, ndipo tuk-tuk iyi, njinga yamoto ya matayala atatu, ikuzungulitsani pa mtengo wochepetsetsa.

Mukakwera, mudzaonadi kachisi wina wamng'ono. Kenako mudzapezeka muli m'sitolo ya miyala yamtengo wapatali, kenako kwa telala wa masuti, ndipo paliponse akukuuzani kuti lero ndi tsiku lomaliza la mtengo wotsika. Dalaivalayo amalandira kangachepe pa mlendo aliyense amene wamulowetsa. Ngakhale musagule kanthu, mwataya m'mawa, maola abwino aja.

Chochita n'chosavuta: pitani mpaka pageti lenileni mukaone ndi maso anu. Wokuyambani yekha musamutsatire. Mukasochera, funsani munthu amene ali pantchito yake, wogulitsa m'sitolo kapena wa pa siteshoni, amene sapindula kanthu ndi kumene mupite. Pokana musakweze mawu. Mwetulirani, nenani kuti "mai ao", kutanthauza sindikufuna, n'kuwonjezera "khrap" ngati ndinu mwamuna kapena "kha" ngati ndinu mkazi, miyendo isaime. Kumeneko munthu wokalipa pagulu ndiye amaoneka wopanda khalidwe, ngakhale atakhala kuti walakwiridwa.

Takisi zoimikidwa pakhomo pa malo a alendo nthawi zambiri zimakana mita. Yendani pang'ono, muimike imene ikudutsa. Dalaivala akakana kuyatsa mita, tsikani mwaulemu, ina ikubwera. Ma app a takisi a Grab ndi Bolt amakuuzani mtengo musanakwere. Tuk-tuk ilibe mita, gwirizanani mtengo kaye, ndipo nthawi zambiri siitchipa kuposa takisi. Kwerani kamodzi kuti mulawe, basi. Zikavuta, apolisi oona za alendo ali pa 1155 ndipo amamva Chingelezi.

8. Chakudya, madzi, udzudzu

Musaope chakudya cha mumsewu, opani chakudya chimene chakhalitsa. Sankhani pamene pali mzere wa eni dera ndipo akuphika inu mukuona. "Mai phet" ndiye kuti osaika tsabola, "phet nit noi" ndiye kuti pang'ono, koma pang'ono pawo si pang'ono panu. Amene sadya nkhumba asunge mawu akuti "mu", ndipo afunse ndithu chifukwa imalowa ngakhale m'msuzi. Nkhuku ndi "kai". Malo odyera a halal ndi ambiri pa Sukhumvit Soi 3. Amene mtedza kapena nkhanu za m'nyanja zimawadwalitsa apemphe a kuhotelo awalembere kapepala m'chilankhulo cha komweko, chifukwa zinthu ziwirizi zimabisala m'zakudya zambiri.

Madzi a pampopi musamwe, gulani a m'botolo. Ayisi wooneka ngati kapaipi, wa bowo pakati, amachokera kufakitale ndipo anthu amamwa tsiku ndi tsiku.

Mumzindamu malungo si nkhawa yaikulu. Nkhawa ndi matenda a dengue, ndipo udzudzu wake umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, choncho neti ya usiku siikutetezani mokwanira. Dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu, makamaka nyengo ya mvula. Thupi likatentha mwadzidzidzi, mutu ndi mafupa kuwawa, imwani paracetamol yekha, osati aspirin kapena ibuprofen chifukwa amawonjezera kutaya magazi, ndipo pitani kuchipatala. Zikayamba mutabwerera kale, muuzeni dokotala kumene munali.

9. Zinthu zosaseweretsa

Mfumu ndi banja lake musawanene, ngakhale mwanthabwala, ngakhale pa Facebook. Gawo 112 la malamulo a milandu limapereka zaka 3 mpaka 15 m'ndende, ndipo alendo nawonso anamangidwapo. Ndalama zili ndi nkhope ya mfumu, ndiye ikagwa n'kumagubuduka musaiponde kuti iime. Nthawi ya 8 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo nyimbo yafuko imaimbidwa m'masiteshoni ndi m'mapaki. Mukaona anthu aima, imani nanunso.

Ndudu zamagetsi n'zoletsedwa kulowa nazo m'dzikolo kuyambira 2014, zisiyeni kunyumba. Katundu wa munthu wina amene simunamuone m'kati musamunyamulire, kaya popita kaya pobwera, ngakhale atakhala mnzanu wa kalekale.

Mutu wa munthu sagwira, ngakhale wa mwana. Phazi salozera munthu kapena chifaniziro cha Buddha. M'kachisi khalani pansi mapazi atapindikira kumbuyo. Amayi asakhudze mmonke kapena kumupatsa chinthu m'manja. Munthu akakupatsani moni wa wai, wophatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu, bwezerani chimodzimodzi, kapena mwetulirani n'kugwedeza mutu ngati manja ali ndi katundu.

10. Tsiku lobwerera

Usiku woti mawa mukunyamuka, tulutsani tikiti muwerenge zilembo zitatu zija. BKK ili kum'mawa kwa mzinda, DMK ili kumpoto, ndipo wopita kolakwika nthawi ya kuthithikana ndege imamusiya. Amene munafikira ku Suvarnabhumi koma mwagula ndege yotchipa yopitira ku mzinda wina, onetsetsani kawiri.

Chokani kuhotelo kutatsala maola 4, ndipo ngati ndi madzulo kapena kukugwa mvula, kwerani sitima. Airport Rail Link imasiya kuyenda pakati pausiku, choncho wa ndege ya mbandakucha akonzeretu takisi. Ndalama zachitsulo zitherenitu pa madzi ndi zokhwasula, chifukwa kunja palibe amene angakusinthireni. M'chikwama cha m'manja ikanimo malaya ouma. Mudzafika pabwalo la ndege mutanyowa, ndipo m'ndegemo mumazizira.